Maginito M'mimba mwa Isitala

Rafaeli ndi mlongo wake Bernadetta sankamwerana madzi, ndipo kumudzi kwawo, kuseri kwa mishoni ya Nguludi, panalibe amene sankadziwa. Anabadwa bere limodzi, Rafaeli ndiye wamkulu, koma ukawamva akulankhulana umangoti mwina wina anaba mbuzi ya mnzake. Chimene chinayambitsa udaniwo ngakhale eni akewo sakanakuuzani bwinobwino. Mwina anali mayi awo, amene mpaka tsiku lomwalira ankangoti, "Bena ali ndi mutu," ngati kuti pakhosi pa Rafaeli panakhala dzungu. Mwinanso anali malo. Kuno munda ndi bwalo n'za mwana wamkazi, mwamuna amakamanga kwa mkazi wake. Koma Rafaeli kuchikamwini anakana. Anatenga mkazi wake Eluby n'kudzakhala naye pamalo a mayi ake, n'kumangapo nyumba ndi khola, akudziwa bwino kuti dothi limene akupondalo mwini wake ndi Bernadetta.

M'kholamo munali ng'ombe imodzi yokha, yamkaka, yakuda yamawanga oyera. Dzina lake linali Isitala, poti inachokera ku gulu la alimi a mkaka sabata ya Pasaka. Lamulo la gululo n'lakuti mwana woyamba wamkazi umapatsira banja lina, ndipo Rafaeli anapereka ndithu, koma akukukuta mano. Tsopano Isitala inali ndi bere lachiwiri, ndipo wam'mimbayo ndiye anali wakewake, wopanda womulanda. Munthuyu ng'ombe ankaikonda kuposa anthu ndipo sankabisa. Ankaimwetera nsenjere kudambo mame asanakamuke, ankaisambitsa, ankacheza nayo nkhani zimene mkazi wake sankamuuza. Chodyeramo anachita kupanga yekha. Anatola teyala lakale la lole ku Limbe, n'kulicheka pakati ndi chikwanje, n'kukhala mbale yaikulu yothiramo madeya ndi mchere. Alimi anzake atabwera kudzaona anayamikira, ena n'kukatengera, ndipo Rafaeli mlendo aliyense ankayamba wamuonetsa teyalalo asanamuonetse mpando.

Bernadetta anaphunzira mpaka kunja, n'kubwerera kudzaphunzitsa pa yunivesite ina m'tauni. Kumudzi ankabwera pamaliro pokha. Choncho tsiku limene anatsika minibasi ndi mabokosi, n'kutsekula nyumba ya malemu mayi ake n'kuyamba kusesa, Rafaeli anadziwa kuti mtendere wake watha.

M'bokosi limodzi munali chimbale chathyathyathya, chokula ngati chivundikiro cha ndowa. Pamwamba pake panali mizere ya timphete tamkuwa, kalikonse kosiya kampata, ndipo pansi pa timpheteto panali chidutswa chakuda ngati phale. Kumbuyo kwake kunali maginito otalika ngati chala, okhala pa kabawuti. Bernadetta anachiika patebulo pakhonde mosamala ngati khanda. Eluby, amene analibe naye chifukwa mlamu wakeyo, ndiye anafunsa kuti n'chiyani.

"Alamu, timphete iti patokha n'topanda pake," anatero Bernadetta. "Koma mukatindandalika chonchi timakola mafunde a foni m'njira imene chitsulo wamba sichingathe. Chakudachi ndi ferayiti, chimamvera maginito. Ndikapotoza kabawutika maginito amasendera pafupi, ferayiti uja n'kusintha, ndiye chimbale chonsechi chimasiya mafunde awa n'kukola ena. Zili ngati kusaka siteshoni pawailesi. Ndikufuna ndichiyese kumalo kovuta netiweki, ndiye kuposa kwathu kuno kuliponso?"

Rafaeli anali ataima chapatali, akunola chikwanje chimene chinali chakuthwa kale. "Ndiye zaka zonse zija umaphunzira kusaka siteshoni? Mesa Eluby amasaka daily, sanapite ku Ulaya?"

Bernadetta sanamuyang'ane n'komwe. Anati wayenda bwalo lonse, ndipo malo okhawo oonekera nsanja ya netiweki ya paphiri ndi pangodya ya khola. Pamenepo ndiye adzazikapo mtengo.

"Pakhola panga?"

"Pamalo panga, achimwene."

Mawu amenewo anamulowa Rafaeli ngati munga wa m'chidendene. Zinali zoona, ndipo palibe chimene chimapweteka ngati choona chochokera kwa munthu amene umadana naye. Eluby anamunong'oneza kuti mlendo ndi mame, apirire, achoka. Iye anangoti mxii, n'kulowa m'khola.

Mtengo wa bulugamu unazikidwa, chimbale chinakwezedwa m'bokosi lake, ndipo kwa masiku angapo Bernadetta ankangokwera ndi kutsika makwerero, akudula mawaya, akulumikiza, akupotoza kabawuti kaja uku akuyang'ana pakompyuta. Tizidutswa tawaya tofiirira tinkagwera pansi. Ankasesa, koma tina tinkatsalira m'udzu. Rafaeli akatola kamodzi ankapita nako mpaka pakhonde n'kukaponya patebulo osalankhula. Choipitsitsa n'chakuti chinthucho chinagwira ntchito. Mudzi umene anthu ankachita kukwera pachulu kuti aimbe foni, mwadzidzidzi pakhola pa Rafaeli panapezeka netiweki yodzaza. Anthu anayamba kubwera. Amayi ankatsamira mpanda wa khola akulankhula ndi ana awo a ku Joni, abambo ankakhala pa mulu wa nsenjere akukangana za mpira, ndipo aliyense pochoka ankadutsira pakhonde kukathokoza "adokotala." Teyala lija panalibenso woliyang'ana. Rafaeli nsanje inkamudya, ndipo ankaitcha kudera nkhawa ng'ombe.

Kenaka Isitala inasiya kudya.

Inayamba ndi kusiya madeya. Tsiku lotsatira inasiya kubzikula, inaima itakhotetsa msana, miyendo yakutsogolo itatangadza, ikubuula chapansipansi ikafuna kutembenuka. Mkaka unatsika mpaka chigubu chinkangonyowa pansi. Rafaeli anapalasa njinga kukatenga a Lawrence, alangizi a ziweto a deralo, bambo wachikulire wosakonda kuchulutsa mawu. Iwo atafika anaitsina ng'ombeyo pamsana chakumapewa, ndipo inabuula ngati munthu. Anapisa mtengo pansi pa chifuwa chake n'kukweza pang'ono, inabuulanso.

"Yameza chitsulo," anatero a Lawrence. "Msomali kapena waya. Ng'ombe sisankha, imangokokota n'kumeza. Wayayo amakagwera m'kachifu kakang'ono kaja, n'kubaya khoma lake, ndipo kuseri kwa khomalo kuli mtima."

Rafaeli anamva liwu limodzi lokha, waya. Maso ake anapita pa mtengo wa bulugamu.

A Lawrence anapitiriza kuti mankhwala ake ndi maginito. Ng'ombe imawameza, amakakhala m'kachifumo, amakoka chitsulocho kuchichotsa pakhoma n'kuchigwira moyo wake wonse. Koma sizichitika tsiku lomwelo, pamafunika kudikira. Iwo maginito analibe. Anati akafufuza m'tauni, koma ayamba apita kumaliro a mchemwali wawo ku Mulanje. Pakadali pano aiimike ng'ombeyo pokwera chakutsogolo, isamayendeyende. Anakwera njinga yawo yamoto n'kumapita.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Bernadetta atangotuluka kupita ku Misa, Rafaeli anaimika makwerero pa mtengo uja. Chomasulira mabawuti sanafune n'komwe kuchifunafuna. Analowetsa nsonga ya chikwanje pachivundikiro cha bokosi n'kukanula. China chake chinalira kuti the, ndipo zidutswa zakuda zinagwera pansi. Sanasamale. Maginitowo anakakamira pachikwanje okha, ngati akhala akumudikira.

"Bambo a m'nyumba, mukanawapempha," anatero Eluby ali pansi pa makwerero. "Alamu sakanakana."

"Ndipemphe? Munthu wandibayira ng'ombe ndiye ndikamugwadire? Gwira mphuno iwe."

Analowetsa maginitowo m'chidutswa cha paipi yamadzi, Eluby atagwira ng'ombe mphuno, iye n'kupisa paipiyo mpaka kukhosi, n'kukankha ndi kamtengo. Anatsanulira botolo la madzi. Isitala inatsokomola, inaponya mutu, inameza.

Misa itatha anthu anabwera monga mwa chizolowezi chawo chatsopano, mafoni ali m'manja, atavala zakutchalitchi. Anakweza mafoni m'mwamba, anazungulira khola, netiweki panalibe. Bernadetta anafika pambuyo pawo. Anaona makwerero, anaona bokosi lili yasa, kenaka anaona zidutswa zakuda zija m'matope a ndowe. Anagwada ndi chitenje chake chatsopanocho n'kuyamba kutola chimodzichimodzi.

"Mwatani, achimwene?"

Rafaeli anakweza mawu kuti onse amve, poti ndi zimene ankafuna. "Ndatenga mankhwala. Waya wako ndi amene wabaya ng'ombe yanga, ndiye maginito akonso ndi amene aichiritse. Ali m'mimbamo. Ukawafuna kalowe."

Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Bernadetta anaimirira, zidutswa zili m'manja.

"Ichi chinali chimodzi chokha. Ndinachita kuotcha ndekha m'ng'anjo ya kunja, nditalephera kambirimbiri. Kuno kulibe kochipangira. Mukudziwa kuti mwaphwanya zaka zingati?"

"Ine wandiphwanyira zingati? Unabwera kudzatani kuno? Tauni yakuchepera? Amayi akudwala ndimawasambitsa ndine, iwe uli kosaka siteshoni. Lero ukuti pamalo pako!"

Anthu anayembekezera kuti mayiyo alira kapena atukwana. Sanatero. Anaika zidutswazo pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chomasulira mabawuti chokhala ndi maginito kunsonga. Anatola msomali pansi n'kuugunditsa, msomali unakakamira. Anatola kachidutswa kawaya kofiirira, kake komwe, n'kukagunditsa, kanagwa. Anabwereza, kanagwanso.

"Mwaona nonse? Waya wanga yense ndi mkuwa. Maginito sakoka mkuwa. Ngati ng'ombeyi yameza waya wanga, mwaphwanya chinthu changa pachabe, ndipo ifa ndithu."

Kenaka anapita pa teyala lija. Anayendetsa chala m'mphepete mwake, m'mene chikwanje chinadutsa pocheka, n'kusolola waya wachitsulo wa m'teyalamo, wakuda, wowonda, wolimba ngati singano. Mphira unali utatha ndi mchere ndi malilime, ndipo mawaya oterowo anali atatuluka mozungulira ngati ndevu. Anamugunditsa pa chomasulira chija, anakakamira kuti kaka.

"Koma ngati yameza uyu, ichira. Ndiye sankhani, achimwene. Ikafa, ndine mfiti, mudzandiuze pamaso pa anthu omwewa. Ikachira, mudzaime pomwepo munene kuti munaibaya nokha ndi mbale yanu yotchukayi."

Amene anatengera nzeru ya teyala anayang'anana. Koma pakamwa pa Rafaeli panayankha pokha.

"Ng'ombe yadyera m'menemo chibwerere chake! Bwanji sinadwale kale? Yadwala iwe utabwera. Ndi waya wako, ndipo aliyense adziwa."

"Tiona," anatero Bernadetta, n'kutola zidutswa zake.

Kuyambira pamenepo Rafaeli anagwira njakata imene sanaionepo chibadwire. Ankalowa m'khola, n'kuisisita Isitala pakhosi, n'kuipempha kuti ichire. Akatuluka n'kuona mlongo wake atakhala pakhonde, ankakumbukira tanthauzo la kuchirako, ndipo mtima unkabwerera m'mbuyo. Kokapereka mkaka, ngakhale analibe mkaka wopereka, anapitako dala kukauza aliyense kuti mkuwa wa adokotala wamuphera ng'ombe. Anauza Akhristu anzake a kumphakati, anauza wokonza njinga pamsewu. Nkhani ikanenedwa kambiri imauma ngati njerwa, ndipo woinenayo ndi amene amayamba kulephera kuigumula.

Teyala analiyang'ana ali yekha. Anagwada, anagwira ndevu zija, imodzi inamubaya chala mpaka magazi. Anayamwa chalacho n'kuimirira. Eluby atalikokera kunja kwa khola, iye analibwezera pamalo pake.

"Mukulibwezeranji? Mesa mwaona nokha?"

"Ndikalichotsa anthu aziti chiyani?"

"Nanga anthuwo ndi amene ali ndi bere?"

Rafaeli anamuuza kuti atseke pakamwa, apo ayi akakhale ndi mlamu wakeyo.

Isitala sinachire msanga, ndiponso sinafe. Inagona pansi, ikutentha thupi, mphuno itauma. Foni ya a Lawrence, Rafaeli atakwera pachulu kuti aimbe, sinkapezeka. Tsiku lachitatu lake Eluby anati waona ng'ombe ikununkhiza nsenjere, ndipo kubuula kwachepa. Rafaeli anati akulota.

Masana a tsiku lomwelo kunafika Che Salimu, wozinga ng'ombe ndi mbuzi pamsika, atavala kofia yoyera, mipeni atakulunga m'chiguduli pakaliyala. Nkhani inali itawapeza. Kuno aliyense amadziwa mwambo wake: chiweto chikadwala umaitana Msilamu achizinge chikadapuma, kuti nyamayo adye aliyense, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi. Chikafa chokha ndi cha agalu, olo Mkhristu amachita nacho nseru. Che Salimu sanali munthu wokakamiza. Anapereka moni, analowa m'khola, anaikweza ng'ombeyo chikope, anaigwira makutu.

"A Rafaeli, ine ndangodutsa poti mawa ndikulowera ku Ndunde, ndikakhalitsako. Ngati pali ntchito, ndi lero. Koma ndinene chilungamo, ine ndaona ng'ombe zambiri zikutsirizika. Iyi maso ake sakundiuza choncho. Kaya, mwini ndinu."

Anthu anali atayamba kale kusonkhana, poti mipeni ya Che Salimu ikadutsa m'mudzi mabeseni amatsatira. Anaima kuseri kwa mpanda, pomwe ankaimbira mafoni paja, akudikira kuti amve.

Rafaeli anayang'ana ng'ombe yake. Ankaifuna yamoyo, zimenezo zisakayikitse munthu. Ankafuna kudzaona kamwana kakuyamwa, ankafuna kumvanso mkaka ukulira m'ndowa. Liwu limodzi likanakwana, lakuti tidikire. Koma anaona kuti akangoti tidikire, ndiye kuti wavomera pamaso pa onsewo kuti akukhulupirira maginito, ndipo wokhulupirira maginito wavomera kuti waya ndi wake. Ngati ndi mkuwa, monga analalikira mudzi wonse, kudikira n'kupusa, n'kupatsa agalu nyama. Anaima pamenepo, ndipo mwina, mwina ndithu, akanati tidikire.

Bernadetta ndi amene anatsika pakhonde. Nayenso anali mwana wa mayi yemweyo, lilime lake silinkadziwa kutuluka opanda minga.

"Musazinge, achimwene. Ikuchira iyi, olo mwana angaone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani mawa, mudzaone manyazi anu akubzikula."

Wina kumpanda anaseka. Kuseka kwake kunali kochepa, kwa m'mphuno, koma kunakwana.

"Che Salimu, zingani."

"A Rafaeli..."

"Ndati zingani! Ng'ombe ndi yanga. Mkuwa suchoka ndi maginito, mwini wake ananena yekha pano. Ndidikire chiyani? Zingani, aone onse chimene chili m'mimbamo."

Eluby anamugwira mkono, iye anamukankha. Abambo anayi analowa ndi zingwe. Isitala inadzuka yokha, osachita kuikoka, ndipo inayenda kutuluka m'khola msana uli wowongoka. Podutsa pa mulu wa nsenjere inatambasula khosi n'kuzula tsamba.

"Ikudya!" anakuwa Eluby. "Taonani, ikudya!"

"Ikutsanzika," anatero Rafaeli, akuyang'ana kumbali.

Che Salimu anadikira pang'ono, mpeni uli m'manja, kumupatsa mpata munthuyo. Bernadetta anatsekula pakamwa, koma mawu ofatsa analibe, sanawaphunzirepo polankhula ndi mlongo wake, ndiye anatsekanso. Ng'ombe inagwetsedwa, inalozetsedwa koyenera monga mwa mwambo wa Chisilamu, Che Salimu anatchula dzina la Mulungu, ndipo zinatha.

Posenda panalibe nthabwala zimene zimakhalapo anthu akamasenda ng'ombe. Atatumbula, choyamba kutuluka chinali chiberekero. Kamwanako kanali kakakazi, kakuda ndi banga loyera pamphumi, ziboda zitaumbika kale. Eluby anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kukakhala pansi pa mtengo wa bulugamu. Rafaeli sanalire. Anaima pamutu pa Che Salimu.

"Tsekulani kachifuko."

Che Salimu anakapatula, kachifu kaja kokhala ngati zisa za njuchi, n'kukang'amba pamasamba a nthochi. Maginito anali momwemo. Sanaoneke n'komwe bwinobwino, chifukwa anali atavala mawaya akuda thupi lonse, owonda, olimba ngati singano. Pakati pawo panali mmodzi wamtali, wopindika kunsonga, atagona chogona pa maginitowo. Che Salimu anatembenuza khoma la kachifuko n'kuloza ndi nsonga ya mpeni. Panali kabala kamodzi, kofiira m'mbali, pakati patatsekeka.

Anthu anakankhana kuti aone. Amene anaona anabwerera m'mbuyo.

Eluby anafunsa ali pomwe anakhalapo. "Che Salimu, ndiuzeni. Ikanachira?"

"Mayi, ine ntchito yanga n'kuzinga." Anapukuta mpeni paudzu. Koma anali munthu woopa bodza, ndiye anawonjezera. "Waya anali atachoka kale. Bala linayamba kupola."

Rafaeli anagwada. Anakokera chifu chachikulu pafupi, anaching'amba yekha, udzu wowola wa m'menemo n'kukhuthukira pansi, wotentha, ukufuka nthunzi. Anapisamo manja mpaka m'zigongono. Ankafinya chibumachibuma, kumwaza, kufinyanso china.

"Muli mkuwa muno," ankatero. "Ulimo. Ndinautola ndekha m'udzu. Ulimo."

Che Salimu anatsuka maginito aja m'beseni, mawaya osachoka, n'kuwagwira m'manja osadziwa woti amupatse. Bernadetta anawalandira. Anawayang'ana kanthawi. Chimbale chake chinali chitafa kale, ndipo maginito opanda ferayiti anali chitsulo chabe. Munthu akanayembekezera kuti asangalala, poti anapambana pamaso pa mudzi wonse, koma nkhope yake inali ya munthu amene wataya zonse ziwiri, chinthu chake ndi mlongo wake, ndipo akudziwa kuti lilime lake linathandizira. Komabe sanapepese. Anapita pachitseko cha khola n'kuwagunditsa pa loko, anakakamira kuti kaka, ndevu zawo zili nyankhalala.

"Sungani, achimwene. Kwa ine alibenso ntchito."

Analowa m'nyumba ya mayi ake n'kuyamba kulongedza mabokosi.

Nyama inagawidwa. Mabeseni anadzaza n'kumabalalika m'tinjira, aliyense akuyenda mofulumira kuti akafotokoze kwawo. Amene anali ndi mateyala m'makola mwawo anathamanga kuposa anzawo. Che Salimu anamanga chikopa pakaliyala, anatsanzika, osayankhidwa. Eluby anakumba dzenje kuseri kwa khola n'kukwirira kamwana kaja yekha.

Rafaeli anali akadali pomwepo, ntchentche zitamuzinga, malaya atanyowa mpaka m'mapewa. Mulu wa za m'chifu uja anali ataufufuza wonse, ndipo anayambiranso kumene anayambira. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa nthawi imeneyo sankapempha Mulungu kuti amubwezere Isitala. Ankapempha kachidutswa kamodzi kokha ka mkuwa, olo kochepa ngati mpunga, koti akaponye patebulo pakhonde.

Bernadetta anatuluka ndi bokosi pamutu, napita kumsewu kukadikira minibasi. Podutsa anaima pang'ono kumbuyo kwake.

"Mwaupeza?"

Rafaeli sanadzutse mutu. Anakokera chibuma china pafupi n'kuyamba kuchifinya.